Tinapita ku Zanzibar kukafuna gombe la zii ndi ana: zimene tinakumana nazo

Mwana wathu wamng'ono sagwirizana ndi phokoso. Akamva zimkuzamawu, kapena anthu ambiri akamayankhulira pamodzi, amatseka makutu ndi manja n'kuyamba kulira, ndipo kuti atonthole pamakhala ntchito. Mayi anga nawo maondo anayamba kuwavuta kalekale, moti masitepe ambiri ndi mtunda wautali sangakwanitse. Choncho pamene ine ndi amuna anga tinagwirizana zotenga banja lonse kukapuma kunyanja yamchere, sitinkafuna zapamwamba ayi. Tinkafuna malo a zii, mchenga woti ana azithamangapo osawombana ndi anthu, ndi madzi osazama oti azisambiramo ife tikuwaona. Ndalama zake tinasunga kwa nthawi yaitali, tikudzimana zambiri. Ndikulemba izi chifukwa gawo lina la ndalamazo linalowa m'madzi, pa zifukwa zimene munthu angathe kuzipewa asanatseke n'komwe chikwama.

Mpata woti tonse tichoke unapezeka kumapeto kwa Disembala, sukulu zitatseka. Poyamba maso athu anali pa Mauritius ndi magombe a ku Mozambique monga Vilanculos ndi Tofo. Titafufuza tinapeza kuti kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya anamondwe m'chigawo chimenecho cha Indian Ocean, ndipo sitinafune kuika ana ndi agogo awo pa chiswe. Zanzibar, zilumba za ku Tanzania, ili kumpoto kwa malo amenewa, pafupi ndi equator, mzere wa pakati pa dziko lapansi, kumene anamondwe safikako kawirikawiri. Mvula yake yamphamvu, imene eni dziko amaitcha masika, imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndipo ina yocheperapo, ya vuli, imagwa cha mu Novembala n'kumalekeza Disembala ali m'kati. Pa nkhani ya nyengo tinasankha bwino, ndipo mpaka lero ndimalangiza aliyense kuti ayambe waona kalendala ya mvula ndi mphepo asanayambe kusirira zithunzi.

Funso limene sitinadzifunse ndi lakuti gombe lake lili mbali iti ya chilumba. Chilumba chachikulu cha Zanzibar, chotchedwa Unguja, n'chotalika makilomita pafupifupi 85, ndipo magombe ake ndi osiyana kwambiri. Ife tinangolemba dzina la chilumba pa intaneti n'kuyamba kuona mahotelo. Ina ya kumpoto kwenikweni, m'dera la Nungwi, inatigwira mtima: mchenga woyera mbee, madzi oonekera pansi, ngalawa imodzi patali, munthu osaoneka ngakhale mmodzi. Inali ndi mitengo iwiri, wokwererapo woti ukasintha maganizo akubwezera ndalama, ndi wotsikirapo wosabweza. Amuna anga anazengereza. "Amake mwana, bwanji tilipire wokwererawo? Sitikudziwa zimene tikapeze." Koma pa kompyuta panali patalembedwa kuti zipinda zatsala ziwiri zokha, ndiye mtima unathamanga, tinalipira wosabwezawo, ulendo wonse.

Chithunzi cha gombe lopanda munthu sichitanthauza kuti kumeneko kulibe anthu. Ojambula amadzuka m'bandakucha, kapena amajambula mwezi wa mvula alendo kulibe, ndipo kamera amailozetsa kunyanja, osati kumbali kumene kuli hotelo yoyandikana nayo. Chimene ndikanachita tsiku limenelo, chomwe sichitenga ngakhale mphindi 10, ndi kutsegula Google Maps, kusankha zithunzi za m'mwamba zojambulidwa ndi setilaiti, n'kuyang'ana madenga ozungulira hoteloyo. Madenga akathithikana, mabala akakhala pafupi, maboti akandandalikana m'madzi kutsogolo kwake, dziwani kuti bata kumeneko kulibe, kaya hoteloyo yalemba mawu okoma bwanji.

Kutatsala masiku ochepa kuti tinyamuke tinamva za ndalama ina imene sitinaiwerengere. Kuyambira pa 1 Okotobala 2024, boma la Zanzibar linalamula kuti mlendo wochokera kunja azigula inshuwalansi ya kampani ya boma ya Zanzibar Insurance Corporation asanalowe, ngakhale ali ndi inshuwalansi ina kale. Mtengo umene analengeza unali madola 44 munthu wamkulu, ndipo imagwira ntchito masiku 92. Banja lalikulu likawonkhetsa, si ndalama yochepa. Imagulidwa pa intaneti, ndipo pepala lake amalifunsa pofika. Za viza ndi chiphaso cha katemera wa matenda a yellow fever zimatengera pasipoti yanu ndi mayiko amene mwadutsamo, choncho funsani msanga, pasanatsale sabata imodzi.

Ndege yathu inachedwa pamalo osinthira, moti tinatera pa bwalo la Abeid Amani Karume dzuwa litalowa kale. Kuchoka pabwalopo kukafika ku Nungwi ndi makilomita pafupifupi 60, ulendo woposa ola limodzi, ndipo ana anagona m'galimoto. Titayandikira, msewu unayamba kudzaza: njinga zamoto, magalimoto onyamula alendo, timasitolo towala, anthu piringupiringu. Mtima unayamba kundiuza kanthu, koma ndinadzilimbitsa kuti m'kati mwa mpanda mukhala bwino. Anatilandira mwaulemu, zipinda zinali zaukhondo ngati pachithunzi paja. Titangozimitsa magetsi, nyimbo zinayamba kuseri kwa mpanda. Si kukwera kwa mawu kokha kumene kunativuta, koma kugunda kwapansi kuja kumene kumanjenjemeretsa magalasi a mawindo. Wamng'ono anadzuka akulira, manja ali kumakutu. Ndinamuberekera kumbuyo n'kumayenda naye m'chipindamo uku ndi uku mpaka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Mayi anga m'chipinda chinacho tulo sanatione.

Kutacha ndinapita kugombe ndekha, ndili ndi chiyembekezo choti mwina masana zikhala bwino. Ndinene zoona, gombe la Nungwi ndi lokongola kwambiri, ndipo madzi ake sathawa patali, munthu amasambira nthawi ina iliyonse. Koma pofika 9 koloko mipando yonse yogonapo inali itayalidwa mataulo, maboti a injini ankalowa ndi kutuluka pomwe ana akanasambira, ndipo sunkayenda mapazi 20 osaimitsidwa ndi wogulitsa mikanda, wokuitanira ulendo wa pa ngalawa, kapena wofuna kuluka ana tsitsi. Anthu amenewa sindiwaimba mlandu. Akusaka chakudya cha ana awo, ndipo ambiri ukawakana mwaulemu amakusiya. Koma kwa mwana woopa anthu achilendo, aliyense womuyandikira chinali chiopsezo. Anakakamira mwendo wanga osafuna kuponda mchenga.

Apa ndi pamene tinasemphana mawu ndi amuna anga, ana akumva, chinthu chimene chimandiwawabe. Iwo ankati tipirire, ndalama zinapita kale. Ine ndinkati tchuthi chimene mwana akulira usiku uliwonse si tchuthi. Amene anatiweruza ndi mayi anga. "Inu ana inu, mukukangana chiyani? Pitani mukawafunse eni malo, mwina ali ndi chipinda china."

Manijala anatimvetsera bwinobwino, koma za kubweza ndalama anakanitsitsa, ndipo anationetsa pamene tinavomereza tokha kuti mtengowo ndi wosabweza. Za nyimbo anati ndi za malo oyandikana nawo, iye alibe nazo mphamvu, komanso ino ndi nyengo ya zikondwerero. Anatisamutsira ku zipinda za kumbuyo. Kumeneko nyimbo zinachepadi, koma tinayandikana ndi jenereta, ndipo masana kuseri kwa mpanda ankamanga nyumba ina yosanja, nyundo ndi makina odulira matailosi osalekeza. Zipindazo zinalinso pamwamba, mayi anga akukwera masitepe chogwirira.

Madzulo a tsiku limenelo, nditakhala pakhonde misozi ili m'maso, ndinatsegula ndemanga za alendo amene anagonapo pa hoteloyo. Kale ndinkangoona chiwerengero cha nyenyezi ndi ndemanga zoyamikira za pamwamba. Ulendo uno ndinayambira pa zodandaula, n'kusankha za mabanja okhala ndi ana, za mwezi wa Disembala ndi Januwale. Zonse zinali pomwepo: nyimbo mpaka m'bandakucha, zomangamanga, kulimbirana mipando. Oyamikira ambiri anali achinyamata amene anabwerera zomwezo, ndipo kwa iwo malowo analidi abwino. Nyenyezi zambiri zimangosonyeza kuti amene anapitako anapeza zimene ankafuna. Muyenera kudziwa ngati zofuna zawo zikufanana ndi zanu.

Amene anatitsegula maso ndi bambo wina wachikulire woyendetsa takisi, amene anatiperekeza kukagula mankhwala a mutu. Nditamufotokozera vuto lathu, anaseka pang'ono mwachifundo, n'kunena kuti, "Mama, mwabwera kumene kumabwera aliyense." Kenako anatenga pepala n'kujambula chilumba chonse. Anati kumpoto, ku Nungwi ndi ku Kendwa, pansi pa nyanja pamatsetsereka msanga, ndiye madzi akaphwa sapita patali. N'chifukwa chake mahotelo akuluakulu, maboti ndi maphwando zinaunjikana kumeneko, ndipo ku Kendwa kumachitika phwando lotchuka mwezi ukakhala wathunthu. Kum'mawa, kuyambira ku Matemwe kutsika ku Pongwe, Michamvi, Bwejuu, Paje mpaka Jambiani, pansi pa nyanja ndi pafulati mpaka ku matanthwe a m'nyanja otchedwa korali amene ali patali, ndiye madzi akaphwa amathawa mtunda wautali. Alendo ambiri safuna kudikira madzi, choncho kumeneko anthu amachepa. Anawonjeza kuti Paje tiipewe, chifukwa ndi kumene kumasonkhana achinyamata oseweretsa makaiti okokedwa ndi mphepo pamadzi, makamaka nyengo ya mphepo ya kaskazi, Disembala mpaka cha mu Malichi, ndi ya kusi, Juni mpaka Seputembala.

Mawu amenewa ndi amene ndikanakonda kumva ndisanalipire kalikonse. Khamu la anthu ndi madzi osambirika tsiku lonse zimayendera limodzi. Gombe lokongola likakhala la zii pamakhala chifukwa chake: mwina madzi amathawa, mwina msewu ndi woipa, mwina mafunde ndi aukali, mwina mtengo ndi wa anthu ochepa. Ntchito ya kholo ndi kupeza chifukwacho n'kuona ngati banja lake lingakhale nacho. Izi si za ku Zanzibar kokha. Ndipo pa chilumba chimene chinalandira alendo oposa 700,000 m'chaka cha 2024, malo a zii sungawapeze mwangozi, makamaka kumapeto kwa Disembala ndi mu Julaye ndi Ogasiti, pamene anthu a ku Ulaya ali pa tchuthi.

Usiku umenewo tinakhala pa foni mpaka maso kuwawa, kusaka malo kum'mawa. Apa tinakumana ndi chopinga china chimene makolo ayenera kuchidziwa. Malo ambiri amene amadzitcha abata salandira ana. Ena amayambira zaka 12, ena 16, ndipo nthawi zina lamuloli limalembedwa pansi penipeni m'zilembo zing'onozing'ono. Otsalawo anali odzaza. Tinasiya kudalira intaneti n'kuyamba kuimba mafoni mwachindunji, ndipo ulendo uno ndinali ndi mafunso. Muli ndi zipinda zingati zonse pamodzi? Kumanja ndi kumanzere kwanu kuli chiyani? Bala yapafupi imatseka nthawi yanji? Pali amene akumanga pafupi? Chilipo chipinda chapansi chopanda masitepe? Dziwe losambira lilipo, ndipo lili ndi mbali yosazama? Wolandira alendo akamayankha mozungulira, ndinkathokoza n'kudula. Mayi wina wa loji yaing'ono chakum'mwera kwa Jambiani anayankha funso lililonse mosabisa, mpaka anandiuza yekha kuti m'bandakucha tidzamva kuitana kwa kumzikiti ndi atambala a m'mudzi. Anali ndi zipinda ziwiri zimene banja lina linalephera kubwera. Ndinamupempha kuti zonse zimene wanena azilembe pa WhatsApp, ndipo analemba.

Tinachoka ku Nungwi titasiya ndalama za mausiku opitirira theka la amene tinalipira, osabwezedwa ngakhale senti. Zipinda zatsopanozo zinali zokwera mtengo kuposa mmene zikanakhalira tikanasungitsa miyezi ingapo m'mbuyo, ndipo galimoto yaikulu yotinyamula tonse ndi katundu inatidya madola 70. Ndalama zimene tinasungira ulendo wa pa ngalawa ndi mphatso za abale zinathera pamenepo. Ulendowo unatenga maola awiri ndi kanthu. Msewu wopita ku Paje umadutsa m'mphepete mwa nkhalango ya Jozani, ndipo dalaivala anachepetsa liwiro kuti ana aone anyani ofiira a mtundu wa colobus, amene kwawo ndi ku Zanzibar kokha. Aka kanali koyamba kumva wamng'ono akuseka chifikireni.

Tinafika ku Jambiani dzuwa lili pamutu. Ana anathamangira kugombe atavala kale zosambirira, n'kungoima chilili. Nyanja kunalibe. Kutsogolo kwathu kunali mchenga wonyowa, timadziwe tating'onoting'ono ndi ndere, mpaka kutali kumene mzere woyera wa mafunde unkaoneka movutikira. Ngalawa zinali zitagona cham'mbali pamchenga. Wachisamba anatembenuka nkhope itagwa. "Amayi, mwatibweretsa kopanda madzi?" Ngakhale bambo wa takisi uja anali atatichenjeza, sindinaganize kuti madzi angathawe chotero, ndipo mtima unandigwa poganiza kuti tataya ndalama kachiwiri. Mayi anga, amene anali atakhala kale pamthunzi mwendo atawongola, anangoti, "Walira mvula walira matope. Khalani pansi, madziwo abwera."

Anabweradi. Cha m'ma 2 koloko anayamba kukwawa pamchenga mwakachetechete, ofunda, ndipo pofika 4 koloko anali akumenya khoma la lojiyo, gombe lonse litamira. Mayi wa pa loji anationetsa bolodi limene amalembapo ndi choko nthawi za madzi tsiku lililonse, n'kutifotokozera. Madzi amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo mawa lake nthawizo zimachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene, madzi amathawa patali kwambiri n'kubweranso ndi mphamvu, kusiyana kwake kufika mamita 4. Masiku amenewo ku gombe limeneli amaphwa chakum'mawa dzuwa litakwera, n'kudzaza chakumadzulo. Mwezi ukakhala theka, sathawa kwambiri ndipo sadzaza kwambiri. Ife tinafika mwezi utangobadwa. Ndandanda ya nthawi za madzi imapezeka pa intaneti ya chaka chonse, ndiye munthu angathe kuona asanagule tikiti ya ndege kuti pa masiku ake ana azidzasambira nthawi yanji. Ngati ana anu ndi okonda madzi kwambiri, musavomere malo a mbali imeneyi opanda dziwe losambira. Ife dziwe ndi limene linatipulumutsa m'mawa uliwonse.

Titazolowera, nthawi ya kuphwa kwa madzi inasanduka imene ana ankaikonda koposa. Amayi a m'mudzimo amalowa m'nyanja ndi matumba kukasamalira minda yawo ya ndere zimene amazitcha mwani. Amakhoma zikhomo zamitengo m'mizere, n'kumanga zingwe za nayiloni kuchoka pa chikhomo china kufika pa china, ndipo pa zingwezo amamangirira tinthambi ta ndere. Pakatha milungu pafupifupi 6 amakolola, kuyanika padzuwa, n'kugulitsa kwa amene amatumiza kunja, kumene amakapangira zolimbitsa zakudya ndi zodzola. Ulimi umenewu unayamba m'chaka cha 1989 ku Jambiani ndi ku Paje, ndi mbewu yochokera ku Philippines. Mayi wina atakhala m'madzi ofika m'chiuno, chitenje chili chonyowa, anaitana wamng'ono ndi dzanja n'kumupatsa kanthambi kuti agwire. Mwana amene ku Nungwi ankabisala kumbuyo kwanga anapita yekha. Chonde, mukamayenda kumeneko musaponde zingwe zawo, ndipo musawajambule musanapemphe. Ndi munda wa munthu umenewo.

Pa maulendo omwewo ndi pamene tinaona ngozi. M'timadziwe ndi m'mphepete mwa miyala mumabisala tinyama takuda tozungulira, ta minga italiitali yosongoka, timene pa Chingerezi amati sea urchin. Tinali titauzidwa kuti tizivala nsapato za m'madzi, koma wachisamba anavula zake kuti athamange bwino. Kukuwa kwake ndinakumva ndili patali. Pansi pa chidendene panali timadontho takuda tambirimbiri, minga itathyokera m'kati. Bambo ake anamunyamula pamsana mtunda wonse, madzi akuyamba kubwera kumbuyo kwawo, ndipo apa ndinaona kuti kupita kutali osayang'ana nthawi ya madzi ndi ngozi inanso payokha. Anyamata a pa loji anabweretsa beseni la madzi otentha, oti munthu n'kupirira osapsa, n'kuviika phazilo kwa nthawi yaitali, ndipo ululu unatsika. Anapakanso utomoni wa papaya wosapsa, monga amachitira kumeneko. Minga imeneyi ndi yofumbutuka, ukamaikumba ndi singano imangothyokathyoka, choncho sitinalimbane nayo. Tinapita naye ku kachipatala ka ku Paje, kumene anachotsa imene ikanatheka, kutsuka bala, ndi kufunsa za katemera wa kafumbata. Tinalipira kaye tokha n'kusunga malisiti a inshuwalansi. Mwanayo anatha masiku angapo akuyenda chotsimphina.

Tsiku limenelo ndinazindikira mtengo wina wa malo a zii. Tili m'galimoto ndinadzifunsa kuti chikhala chinali chachikulu, monga mayi anga kudwala usiku, tikanatani? Chipatala chachikulu cha Mnazi Mmoja chili ku Stone Town, dera lakale la mzinda waukulu wa pachilumbachi, ulendo woposa ola limodzi kuchokera ku Jambiani, ngakhale kuti ku Makunduchi, chakum'mwera, kulinso chipatala cha boma. Musanasungitse malo akutali ndi tauni, funsani kuti chipatala chapafupi chili kuti, ndiponso ngati pali galimoto imene ingapezeke pakati pa usiku. Nambala ya dalaivala wodalirika ikhale mu foni yanu kuyambira tsiku loyamba. Pagombe panalibe opulumutsa anthu m'madzi, ndiye ine ndi amuna anga tinkasinthana, wina akamawerenga kapena kugona, wina maso ali pa ana. Mankhwala a mayi anga, a malungo a ana ndi odzola othamangitsa udzudzu tinali titanyamula okwanira, ndipo tinkagona m'maneti usiku uliwonse, chifukwa ngakhale malungo anachepa kwambiri pachilumbachi, sanatheretu.

Panalinso tina ting'onoting'ono todya ndalama ndi nthawi. Makina otapira ndalama tinkawapeza ku Paje, makilomita angapo kuchokera pamene tinali, ndipo tsiku lina tinawapeza opanda kanthu. Kulipira ndi khadi ankawonjezerapo kaperesenti. Madola akale kapena ong'ambika pang'ono ankawakana, ndipo zogula zazing'ono zinkayenda bwino ndi mashilingi a Tanzania. Malo odyera oyandikira anali ochepa, ndiye chakudya chambiri tinkadya pa loji pomwepo, pa mtengo wawo, ndipo chinkatenga nthawi kuti chipse chifukwa ankaphika ukaitanitsa. Tinaphunzira kuitanitsa cha ana dzuwa lisanalowe. Madzi a pampopi anali amcherechere, akumwa ogula. Magetsi ankazima nthawi zina. Potuluka anatipatsanso bilu ya msonkho wa boma umene mlendo aliyense amalipira pa usiku uliwonse, madola ochepa pa munthu, koma pa banja lonse unakwera ndithu. Funsani ngati msonkho umenewu uli kale m'kati mwa mtengo umene akuuzani.

Koma tulo tinagona. Usiku kunkamveka mafunde ndi mphepo m'makhwatha a mitengo ya kokonati basi. Kuitana kwa kumzikiti kunkamvekadi m'bandakucha monga anatiuzira, koma wamng'ono sikunamudzutse ngakhale tsiku limodzi. Mayi anga ankayenda pang'onopang'ono pamchenga wolimba madzi akaphwa, atagwira mdzukulu wawo dzanja, popanda wowaimitsa. Ogulitsa analipo, koma mmodzi mwa apo ndi apo. Jambiani ndi mudzi wa anthu, ambiri mwa iwo Asilamu, osati malo a alendo okha, ndiye tikamalowa m'mudzi tinkavala zophimba mapewa ndi maondo, zosambirira n'kuzisiya kugombe. Amene mukufuna kupita m'mwezi wa Ramadan, dziwani kuti malo ena odyera a m'midzi amatseka masana, ndipo kudya poyera pamaso pa osala si ulemu.

Tisanachoke ndinacheza nthawi yaitali ndi mayi wa pa loji uja, kumufunsa kuti tikadzabweranso tidzatani. Anati banja lofuna bata lipewe masabata a Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ngati lingathe, chifukwa ngakhale kum'mawa kumadzaza ndipo mitengo imakwera. Anatchula kumayambiriro kwa Juni, mvula itangosiya, ndi kumapeto kwa Seputembala mpaka Okotobala, alendo a ku Ulaya atabwerera kwawo. Epulo ndi Meyi ndi yotchipa ndipo kumakhala zii, koma mvula imatha kugwa masiku otsatizana ndipo malo ena amatseka kuti akonze nyumba. Anatinso Michamvi Kae, imene inayang'ana kumadzulo ku Chwaka Bay, ndi yabwino kwa ofuna kuona dzuwa likulowa popanda khamu la kumpoto, ndipo ofuna kutalikirana ndi anthu kotheratu amapita ku chilumba cha Pemba, ngakhale kuti kumeneko maulendo ndi ovutirapo kwa okalamba ndi ana aang'ono.

Ine ndikadzakonzanso ulendo wotere, kaya ndi dziko liti, ndidzayamba ndi kusankha mbali ya gombe, kenako masiku, poyang'ana mvula, tchuthi cha anthu ambiri ndi nthawi za madzi. Hotelo idzabwera pomaliza, yaing'ono, ya zipinda zosapitirira 20, ndipo ndidzalipira mtengo wobweza ngakhale ukhale wokwererapo, kapena kulipiriratu mausiku oyambirira okha.

Titabwerera kunyumba ndinalembera hotelo yoyamba ija kalata, kufotokoza mwaulemu za phokoso ndi zomangamanga zimene sanatiuze, n'kuphatikizapo mawu amene ndinajambula pa foni usiku uja. Anayankha patapita milungu ingapo. Ndalama sanabweze, koma anatilonjeza kuchotsera mtengo tikadzapitanso, zimene kwa ife zinalibe ntchito. Kampani ya pa intaneti imene tinasungitsira malo inati ikanatha kutithandiza tikanaidziwitsa tili pomwepo, tisanatuluke m'hotelomo. Choncho mukafika pamalo n'kupeza kuti si zimene munalonjezedwa, jambulani zithunzi ndi mawu usiku woyamba womwewo, lembani dandaulo kwa manijala ndi kwa amene munasungitsira malo, ndipo dikirani yankho lolembedwa musanapereke makiyi.